Nyumba zinagwa mtsinje utaphwa kale: lipoti la mudzi wa m'chigwa ku Nkhotakota

Pempho limene a komiti ya mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi anabweretsa, mogwirizana ndi agulupu awo, linali limodzi: awamangire daiki, chimpanda cha dothi chotchinga mtsinje. Mudziwu uli kumpoto kwa boma la Nkhotakota, pakati pa msewu wa M5 ndi nyanja. Mtsinje wake ndi umodzi mwa ing'onoing'ono imene imatsika m'mapiri a kumadzulo, yosafika pa Bua kapena Dwangwa kukula kwake. Dzina la mudzi silitchulidwa muno, poti zimene zinapezeka zikufanana ndi za midzi yambiri kuyambira ku Chia mpaka ku Dwambazi.

Chaka chimene anthu akulira nacho ndi 2024. Kumapeto kwa Febuluwale mvula yamphamvu inasefukiritsa Dwangwa, anthu zikwizikwi a kwa Kanyenda anathawira m'misasa, ndipo msewu wa M5 unaduka. Miyezi yotsatira nyanja inakwera kupitirira mamita 476 kuchokera pa mlingo wa nyanja zamchere, kuyandikira pamene inafika mu 1980, chaka chimene inagunda pafupifupi mamita 477.

Pofunsa nyumba ndi nyumba, panatuluka mfundo ziwiri zimene sizikugwirizana ndi pempho la daiki. Madzi a mtsinje analowadi m'mudzi, koma anakhalamo masiku owerengeka n'kuphwa. Nyumba zambiri zinagwa patapita masabata, mu Epulo, kunja kuli dzuwa. Komanso zimene zinagwa si za pagombe la mtsinje ayi, ndi za kumbuyo, chakudambo. Za pagombe zinanyowa makoma koma zilipo mpaka lero. Lipoti lonseli likufotokoza chifukwa chake.

Nthaka imene mudziwu wakhalapo

Dera lonse la kunyanja lili pansi pa chigwa chachikulu chimene chinapangika dziko litang'aluka n'kutitimira. Kumtunda, ku Kasungu ndi ku Ntchisi, dziko lili pamwamba pa mamita 1,000, pamene madzi a nyanja nthawi zambiri amasewera pa mamita 474 kapena 475. Mtsinje wochokera kumtundako umatsika mamita oposa 500 pa mtunda waufupi. M'matsitsomo madzi amathamanga, amagubuduza miyala, amakumba makwawa. Akangofika pachigwa liwiro limatha, ndipo mtsinje umatula katundu wake motsata kulemera: miyala patsinde pa phiri, nsangalabwi patsogolo pake, mchenga pakati pa chigwa, matope ndi dongo kutali kumene madzi amadikha.

Ndiye kuti chigwa chonsechi ndi katundu wotulidwa ndi mitsinje. Wokumba chitsime kuno amadziwa kuti nthaka ili mizeremizere: dothi lakuda, mchenga, dongo lomata khasu, mchenganso. Mzere uliwonse wa mchenga wokhakhala ndi njira imene mtsinje unadzerapo kale, ndipo madzi a pansi amaikondabe.

Chimene anthu ambiri sachiona ndi ichi. Mtsinje ukasefukira, mchenga umagwera pompo pagombe, chifukwa ndi pamene liwiro limayamba kutha. Dongo lokha ndi limene limafika kutali. Zaka zikachuluka magombe amakwera ngati mitumbira iwiri, pansi pa mtsinje pamakweranso ndi mchenga, mpaka mtsinje umayenda pamwamba kuposa minda ya kumbuyo kwake. M'chigwa chotere malo otsika kwambiri sakhala pafupi ndi mtsinje. Madzi akalumpha gombe alibe njira yobwererera, amapita kukagona kudambo. Ndipo tsiku lina mtsinje umaboola gombe n'kusankha njira yatsopano kumalo otsikawo, kusiya yakale ili mchenga wokhawokha. Pakati pa mudziwu padutsa njira yakale yotere. Imadziwika ndi mzere wokhotakhota wa nthochi ndi madimba obiriwira mu Okutobala, ndipo agogo a m'mudzimo amaitchulabe ndi dzina la mtsinje, kuwonjezera mawu akuti "wakale". Nyumba zingapo zatsopano zinamangidwa m'kati mwenimweni mwa njirayo, chifukwa njerwa zake sizinavute kuumba: madzi anali pafupi.

Kumbali ya kunyanja nthaka inaumbidwa ndi mphepo. Mwera, umene umawomba kwambiri kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, umakankha mafunde chopingasa, mafundewo n'kumakokera mchenga chakumpoto motsata gombe. Umu ndi mmene unapangikira mlomo wa mchenga wa ku Sungu umene umatchinga dooko la ku boma. Mchenga womwewo umatseka mathiriro a mitsinje ing'onoing'ono m'chilimwe, ndipo umamanga zitunda zazitali zotsatana ndi gombe. Kuseri kwa chitunda chilichonse kumatsala dambo kapena thamanda. Chia ndi chitsanzo chachikulu cha madzi otsalira kuseri kwa mchenga, olumikizana ndi nyanja pa kamtsinje kodutsa pansi pa mlatho wa M5. Makolo ankamanga pa zitundazi, pamene pali mango akale ndi manda. Dambo ankalisiyira mpunga.

Mudziwu tsopano wakhala m'mbale: gombe lokwera la mtsinje mbali ina, chitunda cha mchenga kunyanja, ndi msewu wadothi wokwezedwa mbali yotsalayo.

Madzi atatu

Oyamba ndi a mtsinje, amene aliyense anawaona. Kuchuluka kwake n'kosavuta kuwerengera. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Mvula ya mamilimita 100 pa hekitala imodzi ndi malita 1,000,000, kapena ndowa 50,000 za malita 20. Phiri likakhala ndi mitengo ndi zinyalala za masamba, gawo lalikulu limalowa pansi n'kumatuluka pang'onopang'ono. Likakhala lolimidwa mizere yotsetsereka, madziwo amafika pachigwa nthawi imodzi, atasenza dothi. Dothilo ndi limene limakwirira mtsinje, kotero kuti mvula imene kale inkakwana m'magombe lero imatayikira.

Achiwiri ndi a nyanja. Nyanja ya Malawi ili ndi potulukira pamodzi pokha, mtsinje wa Shire, umene madzi ake amawongoleredwa pa Kamuzu Barrage ku Liwonde kuyambira 1965. Komabe madzi ambiri a nyanja amachoka mouluka ndi dzuwa, osati kudzera mu Shire, choncho nyanja ikadzaza siphwa msanga. Chaka chilichonse imatsika kwambiri cha mu Novembala ndi Disembala, n'kufika pachimake mu Epulo kapena Meyi, mvula itatha. Imasinthanso pa zaka zambiri: pakati pa 1915 ndi 1935 inatsika mpaka Shire anasiya kutulutsa madzi. Gombe limene munthu analiona ali mwana si malire a nyanja.

Nyanja ikakwera imatsekera mtsinje pakamwa. Tiyerekeze kuti kumathiriro mtsinje umatsika mita imodzi pa makilomita 2 aliwonse. Nyanja ikakwera mita imodzi, madzi odikha amabwerera m'mtsinjemo makilomita 2, ndipo mchenga umene ukanakalowa m'nyanja umatulidwa pamenepo. Ngalande zonse zothira mu mtsinjewo zimaima, zina zimayamba kuyenda chobwerera.

Achitatu ndi a pansi pa nthaka, ndipo ndi amene anagwetsa nyumba. Pansi pa chigwa, mipata ya pakati pa mchenga ndi yodzaza madzi kuyambira pa mlingo wina kutsika. Mlingo umenewu ndi umene timauona m'chitsime. Madziwa amayenda pang'onopang'ono kulowera kunyanja ndi kumtsinje, ndipo ndi amene amasunga mtsinje wamoyo m'chilimwe. Mlingo wake umakwera msanga kuposa mmene anthu amaganizira, chifukwa mipata yopanda kanthu m'nthaka ndi yochepa. Mu mchenga wosalala wosakanikirana ndi matope, mipata yolandira madzi atsopano imakhala gawo limodzi kapena awiri mwa magawo 10. Choncho mamilimita 100 olowa pansi angakweze mlingo ndi theka la mita, mwinanso mita yathunthu. Mvumbi wa sabata imodzi umachita zambiri pansi pa nthaka kuposa chimvula cha ola limodzi, poti wa mvumbi umalowa wonse.

M'chaka chabwino madzi a pansiwa amatsikira kunyanja n'kuphwa. Mu 2024 anakwezedwa ndi mvula, anawonjezeredwa ndi madzi a mtsinje amene anagona kudambo, kenako anapeza nyanja yakwera, potulukira palibe. Anayamba kutumphuka okha m'malo otsika. Zizindikiro zimene anthu anafotokoza ndi zomwezo: pansi pa nyumba kunyowa popanda denga kudontha, madzi oyera mbee kutuluka pabwalo, zitsime kudzaza mpaka kutunga ndi kapu, zimbudzi kutitimira, chinangwa kuvunda m'munda mpaka kondowole kusowa. Madzi a mtsinje amakhala ofiira ndi matope ndipo amasiya mzere pakhoma. Madzi a pansi ndi oyera, ndipo pakhoma amasiya chinyezi chokwera mosalingana, nthawi zina ndi ufa woyera wa mchere pamwamba pake.

Sikuti madzi ayenera kufika pabwalo kuti khoma ligwe. Chinyezi chimakwera m'dothi monga palafini amakwerera m'chingwe cha koloboyi. Mu mchenga wokhakhala chimakwera masentimita ochepa chabe, mu mchenga wosalala chingafike theka la mita, m'dongo chimapitirira mita. Zidina ndi matope omangira zikamwa madzi kwa masabata zimasanduka phala pansi pomwe pali kulemera konse kwa khoma ndi denga. Pa makande vuto limawirikiza, poti dothilo limatupa likanyowa n'kung'aluka likauma, ndipo maziko amasuntha nalo.

Akasupe otentha a ku Mawira asasokonezedwe ndi nkhaniyi. Amenewo ndi madzi ochokera pansi kwambiri, okwera m'ming'alu ya thanthwe, ndipo sasintha ndi mvula ya sabata imodzi. Amene akutivuta ndi a pamwamba, a m'mamita ochepa oyambirira.

Kayezedwe

Zida zake si zodula. Kutalika kwa nthaka kunayezedwa ndi levulo ya paipi yoonekera m'kati, imene amisiri omanga amagwiritsa ntchito, kuyambira pagombe la mtsinje, kudutsa m'mudzi, kukafika kunyanja, poyeza pa mamita 20 aliwonse. Mzerewu unatsimikiza kuti gombe ndi lokwera kuposa mabwalo a nyumba zimene zinagwa, ndi kuti potsikitsitsa ndi m'njira yakale ija.

Madzi a pansi amayezedwa m'zitsime zimene zilipo, m'mamawa anthu asanatunge. Pamene palibe chitsime amaboola ndi oga yamanja, chida choboolera nthaka, n'kuikamo paipi ya pulasitiki ya mamilimita 50. Theka la mita la kumunsi kwake amalicheka timipata ndi sowo, n'kulikulunga ndi chidutswa cha neti yakale ya udzudzu kuti mchenga usalowe. M'mbali amathiramo mchenga wokhakhala, koma pamwamba amatseka ndi dongo lotsendera. Mukaiwala dongolo madzi a mvula amatsikira m'mbali mwa paipi ndipo mudzayeza mvula, osati madzi a pansi. Mapaipi asachepere 3, oikidwa ngati mafuwa, ndipo milomo yake ilumikizidwe ndi levulo. Popanda kutero simungadziwe kumene madzi akulowera, chifukwa chitsime chimene madzi ake ali pafupi si ndiye kuti mlingo wake ndi wokwera. Mwina nthaka ndi imene yatsika pamenepo.

Liwiro la mtsinje limayezedwa poponya lalanje kapena botolo lodzaza theka pa mtunda wowongoka wa mamita 10, katatu, n'kutenga nthawi ya pakati. Zotsatira amazichulukitsa ndi 0.8 poti madzi a pansi pa mtsinje amachedwa kuposa a pamwamba. Lalanje likatenga masekondi 10, liwiro ndi mamita 0.8 pa sekondi. Mtsinje wa mamita 6 m'lifupi ndi mita imodzi kuya ndiye kuti ukudutsitsa malita pafupifupi 4,800 pa sekondi. Ntchito imeneyi isachitike mtsinje utakwiya, ndipo kuno ng'ona si nthano.

Chomaliza chinali kalavati ya pa msewu wadothi, imene ndiyo khomo lokhalo la mbale ija. Ndi paipi imodzi ya mamilimita 600, ndipo inapezeka itakwiririka ndi mchenga mpaka pakati. Kamwa la paipi yotere ndi masikweya mita 0.28; ikakwiririka theka kumatsala 0.14. Ya mamilimita 900 ili ndi 0.64, kuposa kawiri. Inaikidwanso pamwamba kuposa pansi pa dambo, kotero kuti ngakhale itakhala yoyera, madzi a m'munsi mwake sangatuluke.

Za daiki

Daiki imatchinga madzi oyamba okha. A nyanja amazungulira kumathiriro, a pansi amadutsa pansi pake mu mizere ya mchenga ija. Choipa kwambiri, daiki yomangidwa pagombe ingatsekeretu mbale ija, mvula yogwa m'mudzi n'kusowa kolowera. Imapanikizanso mtsinje: madzi amakwera msinkhu, amakankhidwira kutsidya kwa anzathu, ndipo mchenga umene ukanamwazika m'dambo umaunjikana m'mtsinje momwemo. Pakapita zaka daiki imafuna kukwezedwa, ndipo tsiku limene idzaboole madzi adzagwa kuchokera pamwamba kuposa kale, pa anthu amene anagona mtima uli m'malo. Daiki yotalika mudzi wonse siikuvomerezedwa.

Pali malo amodzi pamene kutchinga kuli ndi nzeru: pamene njira yakale imapatukira ku mtsinje, poti m'pamene mtsinje ungadzabwererenso. Pamenepo pamangidwe kachigawo kakafupi, kobwerera m'mbuyo kusiya mpata pakati pake ndi gombe. Dothi lapamwamba, udzu ndi mizu zichotsedwe kaye, pakumbidwe ngalande pakati pa maziko mpaka kufika padongo n'kuidzaza dongo, kuti madzi asadzere pansi. Dothi lithiridwe masentimita 15 nthawi imodzi, lonyowa pang'ono, n'kutsenderedwa musanathire lina. Mulu wothiridwa kamodzi umaoneka wolimba kunja koma m'kati ndi wofuka. Mbali zake zitsetsereke mamita 2 kapena 3 pa mita iliyonse yokwera, msonga ipitirire chizindikiro cha madzi a 2024 ndi theka la mita, ndipo dothi lisakumbidwe patsinde pake. Nthawi ya madzi, mukaona kasupe wotumphuka ndi mchenga kuseri kwa daiki, musamutseke pakamwa. Muzungulizeni ndi matumba a mchenga kuti madzi akwere m'katimo mpaka ayambe kutuluka oyera. Akamatuluka ndi mchenga ndiye kuti akudya daiki m'mimba.

Magombe akugumuka pa zokhota ziwiri. Madzi amadya kunja kwa chokhota n'kutula mchenga m'kati mwake, ndipo gombe limagwa kwambiri mtsinje ukamaphwa, osati utadzaza: dothi limakhala lamwa madzi, lalemera, ndipo madzi a mtsinje amene analichirikiza achoka. Gombe loima chilili lisemedwe kuti lipendekeke, kenako bango ndi nsenjere patsinde, vetiva pamwamba pake m'mizere yopingasa. Vetiva abzalidwe timitengo 2 kapena 3 pa phando, motalikirana masentimita 10 mpaka 15, masamba atadulidwa kutsala masentimita 20, kumayambiriro kwa mvula kuti mizu igwire madzi asanakule. Mukatalikitsa mapando madzi amadutsa m'mipata n'kukumba tizigwembe. Nsungwi, mikuyu, mbawa ndi katope zikhale kumbuyo, chifukwa vetiva safuna mthunzi, ndiponso mtengo waukulu wa pamlomo pa gombe ukagwa umazula gombe lonse. Madimba a pagombe penipeni ndi nkhani yovuta, poti ndiwo ndiwo za anthu. Koma khasu likamafika pamadzi palibe udzu umene ungagwire.

Zimene zingathandize nyumba

Ntchito yoyamba, yotsika mtengo koposa zonse, ndi kutsegula khomo la mbale. Kalavati ifukulidwe mvula isanayambe ndiponso pakatha chimvula chilichonse. Pokonza msewu paikidwe mapaipi a mamilimita 900, pansi pake pofanana ndi pansi pa dambo. Ngalande yotulutsa madzi iyambe kukumbidwa kumunsi kukwera kumtunda, itsate njira yakale ya mtsinje m'malo molimbana nayo. Mchenga wotseka mathiriro ungaboolodwe ndi makasu mu Disembala, nyanja ili pansi. Koma tinene zoona: chaka chimene nyanja yapitirira mamita 476, ngalande sizingatulutse madzi kupita kumalo amene ali odzaza kale. Zimafupikitsa masiku a chinyezi m'zaka wamba basi.

N'chifukwa chake nyumba za m'njira yakale ndi za m'mphepete mwa dambo ziyenera kusamukira pachitunda. A National Water Resources Authority, bungwe la boma loona za madzi, akhala akukumbutsa za mzere wa mamita 477 ngati malire omangira m'mbali mwa nyanja, ndipo mzerewu suyenda ndi gombe lokha: umalowa kumtunda motsata madambo ndi mathiriro. Malo angakhale kutali ndi mafunde koma ali pansi pa mzerewo.

Zotsala pamalo apakati zimangidwe pa chiunda chokwera masentimita osachepera 50 pamwamba pa chizindikiro cha madzi, chodzazidwa mchenga wokhakhala kapena miyala, osati dongo, kuti chinyezi chisowe chingwe chokwerera. Maziko akhale a njerwa zootcha kapena miyala, omangidwa ndi muyezo umodzi wa simenti pa miyezo 4 ya mchenga, ndipo pulasitiki wakuda wochindikala ayalidwe pamwamba pa maziko khoma lisanayambe. Cholakwika chofala ndi kupaka pulasitala kuchokera pansi mpaka pamwamba modutsa pulasitikiyo. Chinyezi chimangokwera mu pulasitalayo n'kulowa m'khoma.

Zimbudzi ndi zitsime zisasiyidwe m'mbuyo. Pansi pa dzenje la chimbudzi payenera kutalikirana ndi madzi a pansi mamita 1.5, poyeza mu Epulo osati mu Okutobala, ndipo chimbudzi chikhale mamita 30 kuchokera pachitsime, kumunsi kwa kumene madzi a pansi akulowera. M'mbale muno muyezo woyambawo sungatheke ndi dzenje wamba, choncho zimbudzi zikhale zokwezedwa, za dzenje losaya lomangidwa ndi njerwa. Madzi a pansi akakwera, chimbudzi ndi chitsime zimamwera m'mbale imodzi, ndipo kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, sanaiwalike kunyanja kuno. Chitsime chimene chinamira chikapidwe, chithiridwe klorini ndi alangizi a zaumoyo, ndipo madzi akumwa azithiridwa mankhwala kapena kuwiritsidwa mpaka mlingo utatsika. Mjigo uonedwe ngati simenti yozungulira mutu wake yang'aluka, chifukwa madzi oipa amatsikira pamenepo ngakhale mjigowo uli wakuya.

A komiti apatsidwa ntchito yowerenga mapaipi aja kamodzi pa sabata kuyambira Disembala mpaka Juni, ndi kulemba m'kope limodzi ndi msinkhu wa mtsinje pa mtengo wopakidwa penti pa mlatho. Madzi m'paipi ya pakati pa mudzi akafika theka la mita kuchokera pamwamba, mabanja a nyumba za zidina achenjezedwe ngakhale kumwamba kulibe mtambo, ndipo mbewu ndi ufa zikwezedwe pa nsanja.

Nkhani imene yatsala m'manja mwa agulupu ndi ya malo. Chitunda chimene chili choyenera kumangapo ndi chomwecho chimene chili ndi minda ya chinangwa ya mabanja ena, chifukwa chinangwa nachonso chimathawa chinyezi. Eni mindayo apempha kuti akapereka malo apatsidwe ndime za mpunga kudambo kumene anzawo akuchoka, ndipo zokambiranazo ziyenera kutha isanafike Ogasiti, nthawi youmba njerwa.